Chala Chobwereka

Kabokosi kamene anatikhomera pachitseko kamafuna dontho la magazi a amuna anga, a Chagunda, m'mawa uliwonse. Shuga akakwera masiku atatu otsatizana, galimoto imabwera kudzatenga wodwalayo n'kukamusunga kumsasa mpaka shugayo atatsika. Ena amatha chaka kumeneko.

Mvula itayandikira, a Chagunda anandichonderera. "Nangozo, ndibwereke chala chako. Akanditenga, kumundako alimako ndani?"

Ndinawabwereka. Miyezi inayi ndakhala ndikubayitsa chala changa, iwo ataima kuseri kwa chitseko. Kabokosi kanalengeza kuti a Chagunda achira, ndipo mapiritsi awo anasiya kubwera. Panopa bala la kuphazi kwawo silikupola, nsapato anasiya kuvala, ndipo mtsuko wa madzi amaumaliza okha dzuwa lisanafike pamutu.

Lero m'mawa ndabayitsa ngati masiku onse. Kabokosi kanayaka kofiira.

"Kawonongeka aka," anatero iwo.

Sikanawonongeke. Sabata yonseyi nyerere zakhala zikuunjikana pamene ndimataya madzi kuseri kwa bafa, ndipo nanenso kukhosi kumangouma. Ndinali ndisanawauze.

"Mapiritsi abwera masana, m'dzina lanu," ndinatero. "A munthu mmodzi. Tizidula pakati ndi mpeni."

"Nanga mawa kakayakanso? Nanga mkuja?"

Anayang'ana phazi lawo lotupa, kenako anagwira dzanja langa n'kulitembenuza, kuona timabala tonse ta singano tija. M'nyumba muno mulibenso chala china chobwereka.