Anawagwaditsa Kuti Foni Itseguke

Panali mayi wina wa ku Ludzi, ku Mchinji kuno, dzina lawo Mayi Luwiza. Maso awo anasiya kuona ali aakulu kale, matenda a shuga atawavuta, komabe kumunda ankapita, kukwaya ya kutchalitchi sankajomba. Mwana wawo Thandiwe, yemwe anakwatiwa ku Chipata, anawatumizira foni yamakono, ija yopanda mabatani, kuti azimvana pafupipafupi.

Mayi Luwiza anaisisita uku ndi uku. Galasi lokhalokha.

“Nanga ine ndidina pati?”

Anapita nayo kwa a Esitere a ku Mlonyeni, mnzawo wosaona chibadwire, amene anali nayo foni yotere. A Esitere anaiyatsa mawu, foni nkuyamba kuyankhula.

“Muziyendetsa chala pagalasipa,” anatero a Esitere. “Izikuuzani chomwe mwakhudza. Mukachifuna, mugogode kawiri. Zimafuna kufatsa, anzanga. Koma chonde musaipereke m'manja mwa munthu amene simukumudziwa.”

Kufatsako ndiye kunawavuta. Foni inkayankhula Chingerezi chothamanga, chala chikangotsetsereka nkutsegula zina. Mayi Luwiza anatopa nazo.

Tsiku la msika pa Kamwendo anamva za Dickson, bambo wotchaja ndi kukonza mafoni. Anawalandira ndi ulemu wonse, mpaka kuwapatsa mpando.

“Amayi, zimene akuphunzitsanizo ndi zachikale,” anatero Dickson, uku akuthimitsa mawu aja. “Mafoni a masiku ano amazindikira nkhope ndi mawu a mwiniwake. Ndaiika pabenchipa. Gwadani kuti ikuoneni bwino, muombe m'manja, munene kuti: Odi foni!”

Mayi Luwiza anadodoma, koma anali atamvapo kuti mafoni ena amatseguka ndi nkhope. Anagwada pafumbi, nkuomba m'manja. Dickson anadina mwakachetechete, ndipo posakhalitsa mawu a Thandiwe anamveka.

“Mwaona? Yakulandirani. Tsopano nyambitani galasilo kuti ikuzolowereni.”

Mayi wamkulu, wa zidzukulu zake, ananyambita galasi pakati pa msika.

Atafika kunyumba anagwada, naomba m'manja, foni ili zii. Anabwerera kwa Dickson, iye nkuwauza kuti akweze mawu, awerame kwambiri pogwadapo. Ulendo uliwonse foni yake ya iyeyo inali ikujambula. Pasanapite nthawi, a kabaza anayamba kufuula akawaona: “Odi foniii!” Iwo ankangomwetulira, poganiza kuti ndi moni.

Ataona kuti foni ikungogwira ntchito pamaso pa Dickson pokha, anabwerera kwa a Esitere mwamanyazi nkufotokoza zonse. A Esitere atamva, analavula.

“Munthu ameneyo ndi nyansi. Bweretsani chala chanu kuno.”

A Esitere anaiyatsanso mawu foniyo. Chilimwe chonse Mayi Luwiza anachithera pa mphasa ya a Esitere. Analakwitsa, anaimbira anthu olakwika, tsiku lina anafuna kuiponya m'chimbudzi foniyo. Koma khutu linazolowera, chala chinafatsa. Anayamba kuimbira Thandiwe okha, kutumiza uthenga wa mawu okha. Mvula yoyamba itagwa, anatsegula okha gulu la pa WhatsApp la kwaya yawo, lomwe mlembi anawalowetsamo kalekale. Anabwerera m'mbuyo ku mauthenga akale, kufuna nyimbo zomwe anzawo ankatumizirana.

Foni inati pali kanema. Anagogoda kawiri.

Anamva phokoso la msika, kenako kuomba m'manja, kenako mawu awo omwe akuchonderera galasi. Pambali Dickson ankanong'oneza anzake, akudziletsa kuseka: “Dikirani, anyambita pompano.”

Kanemayo anatha. Koma chala sichinaime. Chinatsika mmunsi, foni nkuyamba kuwerenga mayina a omwe anayankha, limodzi ndi zimene anatumiza. Kachithunzi ka nkhope yoseka mpaka misozi, kuchokera kwa mayi amene ankawagwira mkono popita ku Misa. Nkhope yoseka, kuchokera kwa wotsogolera kwaya. Ndipo amene anabweretsa kanemayo m'gulumo anali a Vitus, alamu awo enieni, amene ankadya pakhomo pawo. Onsewo ankadziwa kuti mayiwo ali m'gulumo. Ankangoti saona, sadzadziwa.

Mayi Luwiza sanalire. Anafufuza ndi chala malo ojambulira mawu, nkudina.

“Ndine Luwiza. Foni yanga yandiwerengera mayina anu onse. Alamu, lanu lamveka bwino kwambiri. Dickson ndi mlendo, sindimudziwa. Koma inu Lamulungu lililonse mumandigwira chanza cha mtendere.”

Posakhalitsa foni inayamba kunena kuti uthenga uwu wafufutidwa, winanso wafufutidwa, winanso. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayankha.

Dickson atafunsidwa ndi a komiti ya msika anati kunali kungocheza, ndipo anati mayiwo anawatchukitsa. Anamulamula kuti afufute kanemayo, koma anali atafika kale ku Chipata. Thandiwe anali atauona kalekale, nkusowa pakamwa powauzira mayi ake. A Vitus anatumiza nkhuku kudzera mwa akazi awo, iwo osaoneka. Mayi Luwiza anaibweza.

Lamulungu lotsatira anapita kutchalitchi ndi ndodo yawo, opanda wowagwira mkono. Sanakhale kumene kumakhala kwaya. Nthawi yopatsana mtendere itakwana, manja ambiri anawafikira. Iwo anapinda awo pachifuwa.

Phunziro: Munthu wosaona akakupemphani kuti mumuthandize pa foni, muphunzitseni kuigwiritsa yekha, osati kumusandutsa choseketsa. Amene mukuphunzira, fatsani ndipo mverani anzanu odziwa, osathamangira njira yachidule kwa munthu wachilendo. Ndipo inu amene mumaseka ndi kutumiza makanema onyoza anthu olumala, simusiyana ndi wojambulayo. Tumizani nkhaniyi m'magulu anu onse, makamaka a kutchalitchi ndi a pachibale.