Matumba 40 Amene Analembedwa pa Dzina la Mayi Wamasiye

Panali bambo wina, a Maliko Chimtengo, amene anali manijala wa kopaletivi ya alimi a mtedza kufupi ndi pa Kamwendo. Amene anandiuza nkhaniyi analipo tsiku limene zinaululika.

Kopaletiviyi inali ndi lamulo lake. Thumba lililonse likafika ankaliyeza chinyezi, kulimata nambala, kenako kalaliki wawo, mayi Keziya, ankalemba mu kompyuta mwini wake, munda umene lachokera, tsiku, ndi kumene lapita. A Maliko zimenezi ankaziona ngati kutaya nthawi. "Ine mtedza ndimaudziwa ndi dzino," ankatero.

Chaka china fakitale ina ya chiponde ku Lilongwe inafuna matumba 500 pofika Lachisanu. Lachitatu n'kuti akuperewera 40. Masana omwewo panaima lole, n'kutsika mwamuna wovala bwino amene palibe ankamudziwa.

"Bwana, ndamva mwaperewera. Ndili ndi matumba 40 a mtedza wouma gwa."

A Maliko anakukuta njere ziwiri za pamwamba, nagwedeza mutu mokhutira.

"A manijala, munthuyu si membala wathu," anatero mayi Keziya. "Munda wake sitikuudziwa. Tiyeni tiyeze kaye."

"Tikayamba zoyezayeza tithera mawa. Ingolembani."

"Pa dzina la ndani?"

"La aliyense."

"Pepani bambo, zimenezo ine ayi."

A Maliko anawatuma ku boma kukasiya makalata. Mayiwo atangochoka, a Maliko analowa mu kompyuta ndi nambala yawoyawo yachinsinsi, nalemba matumba onse 40 pa dzina la mayi Luwiza, mayi wamasiye wa ku Mavwere amene mtedza wake unali usanabwezedwepo. Kenako anawasakaniza ndi ena onse mosungiramo katundu. Lachinayi alimi ena anabweretsa wawo, matumba anapitirira 500, ena n'kutsala.

Patatha masabata awiri foni inalira. A ku fakitale anati apeza poizoni wa chuku mu mtedzawo, uja amaononga chiwindi, natchula nambala za matumba amene anamupezamo. Anati ngati kopaletivi sinena kumene wachokera ndi kumene wina wapita, abweza matumba onse ndipo sadzagulanso. Alimi oposa 600 ankadalira msika umenewo.

Wapampando, a Yohane Mkanda, anaitanitsa msonkhano m'mawa mwake. A Maliko anaimirira natchula dzina lolembedwa pa matumba oipawo. Anthu anachita phokoso.

"Achotsedwe! Atiphera msika!"

Mayi Luwiza anaimirira. "Abale anga, munda wanga ndi ekala imodzi. Matumba 40 ndiwatenga kuti ine? Ndinabweretsa 9 pa ngolo ya alamu anga."

Palibe amene ankamva. Apa mayi Keziya anaika kompyuta patebulo, napempha mwayi wolankhula.

"A wapampando, apa pakuonetsa kuti munda wa mayi Luwiza ndi ekala imodzi. Pa 6 Juni anabweretsa matumba 9, onse anayezedwa, onse ouma. Matumba 40 awa analowa pa 18 Juni, 1:52 masana. Malo olemba chinyezi ali opanda kanthu."

"Analemba ndani?" anafunsa a Yohane.

"Ine ndinali ku boma. Makinawa amasunga amene walowa." Anatembenuza kompyuta ija kuti a wapampando adziwerengere okha.

A Yohane anavala magalasi, nawerenga mokweza: "Maliko Chimtengo."

A Maliko anakhala pansi, chipewa chili m'manja.

Koma mayi Keziya anali asanathe. Analemba manambala a matumba aja, ndipo pasanathe mphindi imodzi zonse zinaonekera. Matumba 34 anali ku fakitale. Anayi anali kuseri kwa khoma lomwelo limene anthu anatsamira. Awiri anaperekedwa dzulo lake ngati mphatso ku sukulu ina ya mkaka, kuti asinje nsinjiro zothira m'phala la ana 86.

Anaimbira aphunzitsi a kumeneko, foni sinapezeke. A Yohane anathamangira kumsewu, nakwera kabaza wa njinga yamoto. Atafika anapeza amayi ophika atakhuthulira kale mtedza m'malichero, misi ili m'manja.

"Musasinje! Chonde amayi, musasinje!"

Ataswa njere zingapo za pansi pa thumba, m'kati munali mobiriwira ngati ndere. Mayi wina anangokhala pansi n'kugwira pakamwa, akuyang'ana ana amene ankasewera pabwalo. Palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene analawa.

A ku fakitale atalandira manambala aja anapatula matumba 34, ena onse anawayezanso n'kuwalandira. A Maliko anachotsedwa ntchito sabata yomweyo. Nambala ya foni imene mwini lole uja anasiya inapezeka kuti ndi yabodza.

Tsiku la msonkhano lija, anthu akubalalika, mayi Luwiza anafika patebulo paja mwamantha, napempha kuona dzina lawo. Anayang'ana nthawi yaitali ngakhale sadziwa kuwerenga.

"Ndiye kuti kanthu aka kamandidziwa ine?"

"Kamasunga zimene takauza, mayi."

"Anthu amene ndimapemphera nawo anandikana m'mawa uno," anatero akupukuta misozi ndi chitenje. "Aka n'kamene kandiikira umboni."

Phunziro: Dongosolo la pantchito silichedwetsa, limateteza. Zimene mukulemba lero mu kaundula kapena mu kompyuta, tsiku lina zidzalankhula inu muli chete, ndipo zitha kupulumutsa wosalakwa ngakhalenso moyo wa mwana. Musalembe bodza chifukwa cha changu, musakhulupirire mlendo koposa malamulo anu, ndipo wantchito wanu akati "tiyeze kaye", mumvereni. Tumizirani abwana anu, a m'komiti, ndi aliyense amene amasunga zolemba za anthu.