Zikopa za a Gilson

"Korona wandichotsa ntchito, koma m'nyumba muno sapondamo. Naonso eni nyumba a Saiti sandichotsamo. Ine ndine Gilson!"

Anatero a Gilson ali chilili pakhonde pawo ku Chinamwali, manja m'chiuno, ngakhale kuti wowamvera anali galu wa aneba basi.

Matendawa asanabwere, bamboyu ankaperekera zakudya pa loji ina pamwamba pa phiri. Alendo atasiya kubwera, loji inatsekedwa, iwo anatsika phiri tayi ali m'thumba. Anzawo okhala pakhomo anayamba kusoka masiki, ena kuluka mikeka. A Gilson anati zimenezo n'zachibwana. Anapita kwa opha mbuzi, anakatola zikopa zaziwisi, n'kuyamba kufufuta kuseri kwa nyumba kuti azikutira timipando.

Timipandoto, tisanamizane, tinali tokongola. Koma fungo lake, abale! Ntchentche zinkachita kuchokera ku Matawale kudzapanga msonkhano, osalabadira lamulo lokhala motalikirana. Akazi awo, a Consolata, analongedza kachikwama ulendo wa kwa achemwali awo ku Mtiya.

"Mukasankha pakati pa ine ndi mbuzi zakufazo, mundiimbire," anatsanzika choncho.

Eni nyumba, a Saiti, ankabwera kudzakalipa, masiki ili pachibwano, ndipo akatopa kukalipa ankatsalira pa bawo. Tsiku lina bawo itawaipira anagamula mlandu.

"Achimwene, mwezi ukatha fungoli lidakalipo, mundipatse makiyi anga."

"Zikopa sizichoka, inenso sindichoka," anayankha a Gilson, uku akudya nkhomo za eni nyumba.

Pakamwa pokha ndi pomwe panali polimba. Nyumba ina akanaipeza kuti, munthu wopanda ntchito, nthawi imene aliyense ankaopa mlendo? Ndiye inali nkhondo. Anathira mchere. Anathira phulusa. Mandimu, masamba a bulugamu, mpaka kasanitaiza kotsala ka ku loji kuja. Fungo linkangowaseka.

Mwezi uli pafupi kutha, m'mawa wina anavundukula mgolo wa zikopa. Zii. Anagunditsa mphuno pachikopa penipeni. Palibe kanthu! A Gilson anavina okhaokha, thaulo m'chiuno. Anaimbira a Consolata kuti abwere adzaone mtundu wa mwamuna amene anakwatiwa naye, kenako anatumiza mawu kwa eni nyumba.

A Saiti anafika nkhope ili gwaa, ngati munthu wodzalandira makiyi.

"Vulani masikiyo, bwana," anatero a Gilson. "Musadzanene kuti nsalu inandithandiza."

Mkuluyo anavula. Ananunkhiza mgolo. Ananunkhiza zikopa zapachingwe, chimodzichimodzi, ngati wogula fodya pa okushoni. Anagwada mpaka pangalande pomwe ankatayira madzi. Anadzuka maso ali tong'o.

"Wallahi, achimwene, palibe! Mwathira chiyani?"

"Chinsinsi cha kampani."

"Ayi, ndagonja. Khalani. Nyumba ndi yanu."

Anagundana zigongono, bawo inatuluka. A Gilson anali atayamba kale kufotokoza za fakitale yomwe adzatsegule, ndiponso za maprofesa a ku Chirunga omwe adzabwere kudzaphunzira kwa iwo atanyamula makope, pamene a Consolata anatulukira pageti.

Mayiyo sanalowe. Anayima pomwepo, chikwama pamutu, chitenje atapanira pamphuno pamwamba pa masiki, misozi ili mbwembwembwe.

"Mwandiitanira chiyani, bambo inu? Fungoli lanyanya kuposa kale! Wakabaza wanditsitsira kumsewu, akuti kuno kwafa chinthu. Inu awiri simukumva?"

A Gilson anayang'ana a Saiti. A Saiti anayang'ana a Gilson. Onse ankawadziwa matenda amene amayamba ndi kupha mphuno.

Kenako a Saiti anatsokomola, a Gilson n'kuwayankha.