Dzanja la a Girizi

Mayiyo anali akukwecha ovolosi ya mwamuna wake pamene mkazi wa neba anatulukira kuseri kwa nyumba, mpango uli m'manja.

"Asisi, siyani zochapazo. A Girizi njanji yawapana dzanja. Ali kuchipatala cha kampani."

Anathamanga thovu likadali m'mikono.

A Girizi, mwamuna wakeyo, ankakonza masiginolo ndi mapointi, paja njanji zimatseguka ndi kutsekeka kuti sitima ipatuke. Masiku amenewo zonsezi zinkayenda ndi mawaya ndi ndodo zachitsulo, zokokedwa ndi mipini m'kanyumba kam'mwamba pambali pa siteshoni. Wokoka mipiniyo anthu ankangoti a Pamwamba. Lamulo la ntchitoyi mayiyo ankalidziwa ngati pemphero la m'mawa: wokonza asanapise dzanja pakati pa njanji, amayamba wakwera masitepe a kanyumbako n'kuveka mphete yofiira pa mpini wa malo amene akukagwirawo. Mpini wovala mphete sukhudzidwa. Ndipo a Girizi sanali munthu woiwala.

Koma amuna awiriwa sankamwerana madzi. Chaka chapitacho a Pamwamba anakanena kwa mabwana kuti nyali ya siginolo yakutali inazima, a Girizi n'kudzudzulidwa pamaso pa anzawo.

M'wodi ya kuchipatalako mayiyo anapeza mwamuna wake ali m'tulo ta mankhwala, dzanja lamanja litakulungidwa mpaka m'chigongono. Pabenchi panali a Pamwamba, malaya ali magazi okhaokha. Majombo a wodwalayo anali atawaika bwinobwino kunsi kwa bedi, masokosi atawapinda.

"Alamu," anatero akuimirira.

"Mlamu wanu ndani?"

Namwino anamukokera pambali. "Zala zina zapita, mayi, koma dzanja tilipulumutsa. Muwathokoze bambowa. Ndi amene anamanga mkono ndi lamba wawo, n'kuwabereka mpaka kuno."

"Mfiti nayonso imalira pamaliro," anayankha mayiyo, osatsitsa mawu.

A Pamwamba anangokhalanso pansi, akugwira thalauza lawo m'chiuno kuti lisagwe.

Posakhalitsa analowa bwana wa siteshoni, chipewa chili kukhwapa, n'kulunjika kwa a Pamwamba.

"Mpini munakoka ndinu?"

"Ndine, bwana. Sitima ya katundu inali itayandikira."

"Nanga mphete?"

A Pamwamba anayang'ana pabedi kanthawi. "Adzuke kaye mwini wake," anatero.

"Ndiye bweretsani makiyi a kanyumba kaja. Zikapezeka kuti munavula mphete ya mnzanu, ntchito yatha, nyumba ya kampani mutuluke ndi ana anu aja, ndipo apolisi akufunani."

Anapereka makiyiwo ndi manja awiri.

Mayiyo anagwada pambali pa bedi. Anapempherera dzanja limene linkadyetsa banja lake. Anapempherera ana. Atafika pa munthu wa pabenchiyo, anangoti, "Ambuye, mwamuona nokha," n'kunena ameni. Podzuka anapeza kapu ya madzi pafupi ndi bondo lake. Anadziwa amene waibweretsa, ndipo anaikankhira kutali ndi phazi.

Dzuwa litapendeka, a Girizi anatsegula maso. Anayang'ana nsalu za padzanja, kenako mkazi wawo.

"Musadandaule, bambo ake," mayiyo ananong'ona. "Amene wakupwetekani ali pompano. Makiyi amulanda kale."

A Girizi anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Anaona bwana ataima pakhomo, anaona malaya a magazi aja. Kenako anaitana bwanayo.

"Bwana, abwezereni makiyi. Mpini unalibe mphete. Ndinafika pansi pa masitepe, koma kukwera kukawapatsa moni kunandilemera, ndiye ndinabwerera." Anayang'ana a Pamwamba, n'kukweza mawu mpaka odwala ena anacheuka. "Achimwene, ndikhululukireni."