Makaka Pabwalo Lotera Kandege

Kandege kopanda munthu mkati kanazungulira kachiwiri pamwamba pa sukulu ya ku Amaramba, osatera.

"Achemwali a Nafisa, chotsani zoyerazo pabwalo!" anakuwa pafoni Osvaldo, amene ankakayendetsa ali ku Insaca. "Kakuziyesa madzi. Pakatha mphindi zitatu ndikabweza, batire yatha."

Kandegeko kananyamula soro, madzi olowetsa m'mitsempha. M'kalasi munagona Latifu, mwamuna wa Nafisa, kolera itamufinya mpaka maso kulowa. Msewu unakokoloka Lolemba.

Zoyerazo zinali makaka a gogo wina wa m'mudzimo, mayi Violeta, chinangwa chokhacho chimene anapulumutsa m'munda womira. Anawayanika pa lona lalikulu, loti anthu awiri sangalinyamule. M'mudzi monse pouma panali pomwepo, kwinako matope okhaokha.

Nafisa anagwada. "Amayi..."

"Ndamva, sindine gonthi. Adzukulu anga asanu adya ndegeyo?"

"Zatsala ziwiri!" inatero foni.

Mayi Violeta anayang'ana kukalasi kuja. Kenako anawerama n'kugwira ngodya ya lona.

"Gwira uko, iwe! Ukudikira ndikulembere kalata?"

Anakoka. Makaka onse anakhuthukira m'matope.

"Akadzuka mwamuna wakoyo, adzatole yekha," anatero mayi Violeta. "Limodzilimodzi."