Mahedifoni a Bambo Wosagona

Pakauntala panali patadzaza mabokosi otsekula, koma bambo amene anabwera kudzagula mahedifoni anali asanasankhebe.

Mwini shopu sanatope. Anzake ankamutcha Dokotala chifukwa ankadziwa matenda a kasitomala asanatsekule pakamwa. Wa chibwenzi chatsopano amafuna onyezimira. Mwana wasukulu amafuna ogunda mpaka mano kugwedera. Koma uyu anakana kumva nyimbo ngakhale imodzi. Ankangovala mahedifoniwo, chingwe chili lendee, n'kutembenukira kushopu yoyandikana ya atelala, kumene khanda linali kulira kumsana kwa mayi ake ngati lalandidwa bere. Akalimva, ankavula n'kupukusa mutu.

Dokotala anamuyeza kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Maso ofiira psuu. Ndevu zosameta. Mabatani a malaya omangidwa mophonya. Pafupi ndi mwendo wake panali chijumbo, matewera osatsekula ndi tisokosi toluka tikusuzumira pamwamba. Matendawa ankawadziwa bwino, poti naye kunyumba anali ndi ana odzaza mphasa.

"Ndi woyamba eti, achimwene?" anafunsa akutsinzinira diso limodzi. "Musachite manyazi. Tonsefe tinapempha mwana kwa Mulungu, kungoti tinaiwala kupempha wokhala ndi batani lochepetsera mawu."

Bamboyo sanaseke. Anangofunsa ngati analipo ena otseka makutu kuposa amenewo, olimba koma osadula. Ndalama anali nazo zochepa, ndipo akaduka sakanathanso kubwera kudzagula ena.

Apa Dokotala anapinda manja a malaya. Opanda chingwe anawakankhira pambali, nati batire yake imatha pamene tulo tayamba kukoma, ndipo ikafa yafa, maliro ake ndi a mahedifoni onse. Tolowetsa m'khutu anati timapweteka, komanso kamodzi kamasochera m'bulangeti, kanzake n'kutsala kamasiye. Onyezimira aja anawayerekeza ndi mkazi wa pakalendala: woti uzingomuyang'ana, koma madzi osamba sadzakutenthetsera.

Kenako anawerama n'kutulutsa ena pansi pa kauntala. Anali akuda bii, opanda dzina lotchuka, bokosi lake lofumbira. Siponji yake inali yokhuthala, yophimba khutu lonse. Anawapinda, anakoka chingwe ngati akukoka mbuzi yokana kulowa m'khola, n'kuwagwetsa pansi mwadala. Sanasweke.

"Awa ndi onyansa ngati ine, koma sakusiyani panjira."

Bamboyo anawavala. Nthawi yomweyo khanda la kwa atelala linakuwa mpaka wodutsa mumsewu anacheuka. Koma bamboyo sanaphethire. Anaima choncho kanthawi, maso ali kukhoma, mapewa ake akutsika pang'onopang'ono ngati munthu amene watula mtolo.

Atavula, anasisita siponjiyo ndi chala, n'kuigunditsa patsaya. Anafunsa ngati munthu angagone nawo chammbali osamupweteka, ndiponso ngati sakola tsitsi. Dokotala anayang'ana mutu wa bamboyo, wometa mpala, n'kudziletsa kuseka. Kenako bamboyo anafupikitsa lamba wa mahedifoniwo mpaka pomalizira, ngakhale mutu wake unali ngati dzungu.

Wochenjera uyu, anaganiza Dokotala. Akuwachepetsa kuti akabisike bwino, mayi a kunyumba asawaone.

Pamtengo sanalimbane. Dokotala anachotserako pang'ono, nati imeneyo ndi mphatso ya mwana. Akukulunga bokosilo, anawonjezera malangizo aulere, monga ankachitira ndi aliyense: kulira kumatha, ana sachedwa kukula, tsiku lina munthu umadzuka m'nyumba muli zii, n'kuyamba kulisowa phokoso lomwe lija.

"Koma alamu anga akakugwirani mwavala izi mwana akulira, musanditchule. Ine sindikudziwani, inu simundidziwa."

Bamboyo anaika bokosi m'khwapa. Anayang'ana kwa atelala, kumene mayi uja anali kuvinavina kuti mwana atonthole. Ananyamula chijumbo chija, koma m'malo motuluka nacho anachiika pakauntala mosamala, n'kukankhira tisokosi tija mkati.

"Izi muwapatse mayi a mwana uyo, ine sindingathe," anatero chapansipansi. "Mahedifoniwa ndi a alamu anuwo. Amene amalira kwathu ndi wa aneba, kuseri kwa khoma, ndipo anabadwa tsiku limodzi ndi wathu. Wathuyo sanalire n'komwe."