Jekete la Agogo a Luke

Aise, wafika? Siya kaye zomwe ukupangazo, umve za Angella wa ku Ivory Park.

Angella anatseka filiji ya kusukulu mwamphamvu, n'kuimenya kambama pamwamba. M'katimo munali jekete la Luke, lokulungidwa m'pulasitiki.

Mtsikanayu amaphunzira za myuziyamu payunivesite ina mu Joni muno. Kumeneko chovala chilichonse chodzaonetsedwa chimayamba chagona mufiliji kuti njenjete zife. Akakhoma, kiyi amapita ndi aphunzitsi. Satsegula mpaka mwezi uthe, ngakhale ugubuduke pansi.

Luke anali chibwenzi chake. Anangoyamba kuzizira, mafoni osayankha. Angella anachita kumva kusaluni kuti Loweruka mfanayo ali ndi chinkhoswe ku Tembisa, ndi Millicent. Ndiye anakumbukira mmene Luke ankalumbirira: "Jekete ili agogo anabwera nalo kuchokera kumigodi ya Wenela. Pachinkhoswe changa ndidzavala limeneli, apo ayi chinkhoswe kulibe!"

Anamuimbira ndi mawu a shuga, ngati sakudziwa kanthu. "Undibwereke ndingolijambula, dzina lako lidzakhala pakhoma."

"Shapu, bebi. Koma ulisamale."

Kupusa! Angella sanalekere pomwepo. Mayeso ake omaliza, chionetsero cha Amalawi a m'migodi, anawakoleka onse pa jekete lomwelo. Aphunzitsi mpaka anamuombera m'manja. Luke alire, iye akhoze.

Loweruka anapita kusukulu dala, n'kukhala pamwamba pa filiji ndi tchipisi, foni pamwendo. "Imba, galu iwe. Ukavine ndi vesiti."

Foni inalira. Inali vidiyo yochokera kwa Majidu, mnzake wa Luke. Luke akudula sitepe, Millicent pambali, anthu akuwaza ndalama. Pathupi pake jekete lija, mabatani omwewo, kolala yomweyo.

Angella anatsika pafiliji, n'kugwedeza loko. Anali wokhoma. Anaimbira Majidu.

"Majidu, jekete limenelo Luke walitenga kuti?"

Majidu anaseka mpaka kutsokomola. "Eish, sisi, nawenso anakuuza za agogo? Amenewo amaoda pabelo ku Doornfontein, onse ofanana. Ukufuna saizi yanji?"

Aphunzitsi atsegula filiji kumapeto kwa mwezi uno, aise. Ukanakhala Angella ukanawauza chiyani? Nanga Luke timupange chiyani? Lemba njira yako m'munsimu, yankhanza kwambiri ndimutumizira Angella.